Bokosi Lina la Masewera: Tigule Liti, Kapena Tiyambe Tadikira?

Dzuwa likalowa Loweruka, nyimbo yotsekera Sabata itaimbidwa, banja limakhala ndi maola awiri kapena atatu amene aliyense ali pakhomo. Kumunda sikupitika, sukulu kulibe, ndipo m'mawa mwake simufunika kulawirira kwambiri. Maola amenewa akasiyidwa opanda chochita, foni imawatenga. Bambo amayang'ana yawo, mayi yawo, anyamata n'kuzemba kupita pa tawuni pamene pali timashopu tobetcherana mpira.

N'chifukwa chake makolo ena ndi atsogoleri a magulu a Pathfinder ayamba kufunafuna masewera oti banja lonse lizikhala pamkeka umodzi. Bawo, dirafuti ndi ludo tidazizolowera kale. Koma palinso mtundu wina wa masewera a makadi umene umafika kuno m'zikwama za abale ochokera ku Joni, ku Lusaka kapena kutsidya kwa nyanja. M'masewera amenewa osewera sapikisana. Onse amakhala gulu limodzi lolimbana ndi vuto lomwe makadiwo akubweretsa, ndipo akapambana apambana onse, akagonja agonja onse.

Amene ali ndi bokosi lotere sachedwa kumva kuti palinso mabokosi owonjezera, okhala ndi makadi atsopano ndi malamulo atsopano. Ana amayamba kupempha. M'bale wa ku Joni amafunsa kuti abwere ndi liti pa Disembala. Ndalama zake si zamasewera, ndipo bokosi lolakwika likafika ku Mchinji kulibweza n'kosatheka. Nkhani ino ikuthandizani kusankha.

Kodi si njuga imeneyi?

Funso ili liyenera kuyankhidwa poyamba, chifukwa m'mabanja mwathu mawu oti makadi amadzutsa nkhawa, ndipo nkhawayo ili ndi maziko. Ellen White adachenjeza mobwerezabwereza za kusewera makadi, poona kuti kumatsegula khomo la njuga, kumadya nthawi komanso kumazolowetsa achinyamata malo ndi anzawo osayenera. Aliyense amene adaonapo mwana wake akutaya ndalama za mtedza pobetcha pa foni akudziwa kuti chenjezoli silinakalambe.

Choncho banja lililonse liyese masewera alionse ndi mafunso awa. Kodi pali ndalama kapena katundu amene akuikidwa pa mpikisano? Kodi anthu akadzuka pamkeka amakhala ogwirizana kapena okwiyirana? Kodi masewerawo akulanda nthawi ya mapemphero a banja, ya homuweki kapena ya tulo? Kodi mungasewere abusa atakhala pambali panu osachita manyazi? Banja limene chikumbumtima chake sichikulola makadi a mtundu uliwonse lisakakamizidwe, ndipo lisanyozedwe. Limene laona kuti masewera ogwirizana akudutsa pa mafunsowa likumbukire kuti nthawi yake ndi Sabata likatha kapena masiku ena a m'kati mwa mlungu. Maola opatulika ali ndi zochita zake.

Bokosi loyamba

Mwa masewera ogwirizana, odziwika kwambiri pa dziko lonse ndi Pandemic, amene adapangidwa ndi Matt Leacock wa ku America ndipo adatuluka mu 2008. Osewera, kuyambira 2 mpaka 4, amakhala gulu la azaumoyo lolimbana ndi matenda anayi amene akufalikira m'mizinda 48 ya pa mapu. Mizinda ya mu Africa ilipo: Johannesburg, Kinshasa, Lagos, Khartoum, Cairo ndi Algiers. Matendawo amaimiridwa ndi timiyala tapulasitiki ta mitundu inayi, 24 pa mtundu uliwonse.

Wosewera aliyense amapatsidwa udindo wake. Wina ndi wachipatala amene amachotsa matenda mofulumira, wina wasayansi, wina wofufuza amene amagawira anzake makadi mosavuta, wina woyendetsa anzake pa mapu. Kuti mankhwala a nthenda imodzi apezeke, munthu mmodzi ayenera kusonkhanitsa makadi 5 a mtundu umodzi, ndipo zimenezi zimavuta popanda kupatsana. Gulu limagonja matenda akasefukira ka 8, timiyala ta mtundu umodzi tikatha, kapena makadi otola akatha mankhwala onse anayi asanapezeke. Masewera amodzi amatenga mphindi pafupifupi 45.

Kwa ife amene tidaona Covid-19 mu 2020, kenaka kolera wa 2022 ndi 2023 amene adapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, nkhani ya masewerawa si yachilendo. Tikukhala m'boma lochita malire ndi Zambia komanso Mozambique, ndipo tikudziwa kuti nthenda siima pa chipata kudikira chidindo. Mwana akaona pa mapu kuti mzinda umodzi wonyalanyazidwa wapatsira mizinda yoyandikana nawo, amamvetsa msanga chifukwa chake mlangizi wa zaumoyo amaumirira kuti khomo lililonse likhale ndi chimbudzi ndi mpondagiya.

Musanagule, funsani ngati loyambalo mwalimaliza

Anthu ambiri amagula bokosi lowonjezera asanatope n'komwe ndi loyamba. Mu Pandemic muli makadi a mliri amene amasakanizidwa ndi makadi otola. Mukaika 4 masewera amakhala a ophunzira, mukaika 5 amakhala apakati, mukaika 6 amakhala ovuta zedi. Bokosi lomwe lakhala likugulitsidwa kuyambira 2013 lili ndi maudindo 7, ndipo udindo uliwonse ukaphatikizidwa ndi unzake masewera amasintha.

Ngati banja lanu silinapambanepo ndi makadi a mliri 6, kapena pali udindo umene wina sanaugwirepo, ndiye kuti bokosi lanu likadali ndi miyezi yambiri ya ntchito. Kuwonjezera malamulo pa masewera amene agogo ndi ana aang'ono akungoyamba kuwamvetsa kumawathamangitsa pamkeka. Paja akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Njira yabwino ndi kumata pepala m'kati mwa chivindikiro cha bokosi n'kumalembapo tsiku, amene adasewera, makadi a mliri angati, komanso ngati mudapambana. Pepalalo likadzaza, mudzadziwa kuti kufuna bokosi lina kwachokera pa kusewera, osati pa kusirira chithunzi cha pa intaneti.

Mabokosi atatu owonjezera

Pandemic ili ndi mabokosi atatu owonjezera, ndipo lililonse limayankha vuto losiyana. Palibe limene lingaseweredwe palokha popanda bokosi loyamba.

Loyamba kutuluka linali On the Brink, mu 2009. Phindu lake lalikulu kwa banja la kuno ndi lakuti limalola wosewera wachisanu. Limabweretsanso maudindo atsopano angapo, makadi a thandizo ladzidzidzi, ndi timbale tovindikira tosungiramo timiyala. Muli njira zitatu zosinthira masewera. M'njira ina, nthenda imodzi mwa zinayi zija imakhala yaukali kuposa zinzake. M'njira ina mumabuka nthenda yachisanu, ya timiyala tofiirira. Njira yachitatu imasandutsa wosewera mmodzi kukhala mdani wofalitsa matenda mobisa, kulimbana ndi anzake onse. Ngati chimene mudakondera masewerawa ndi mgwirizano, njira imeneyi mutha kungoisiya m'bokosi. Zotsalazo n'zokwanira.

Lachiwiri ndi In the Lab, la 2013. Mmalo mongosonkhanitsa makadi, osewera amatengera zitsanzo za matenda ku labotale n'kumaziyeza sitepe ndi sitepe mpaka mankhwala apezeke. Lilinso ndi malamulo osewerera munthu yekha komanso osewerera m'magulu a awiriawiri. Chofunika kudziwa n'chakuti bokosi ili silikwanira ndi loyamba lokha. Limafunanso On the Brink. Amene angaligule asanakhale ndi linzakelo wataya ndalama. Malamulo ake ndi ambiri ndipo Chingerezi chake n'chochulukirapo, choncho limayenera nyumba imene muli ana a ku sekondale kapena gulu la achinyamata okonda sayansi.

Lachitatu ndi State of Emergency, la 2015, limene limangofuna bokosi loyamba. M'menemo muli gawo lonena za matenda ochokera ku ziweto ndi nyama zakutchire kupita kwa anthu, gawo la ngozi zadzidzidzi zosokoneza ntchito ya azaumoyo, ndi gawo la kachilombo kosamva mankhwala komwe kamafuna katemera. Limabweretsanso zizindikiro zoika mzinda pa m'bindikiro. Kwa mabanja oweta ng'ombe, mbuzi ndi agalu, gawo la ziwetolo limatsegula nkhani zenizeni: chiwewe chochokera kwa galu wosabayitsa, kapena anthrax amene adavuta ku Zambia mu 2023 anthu atagwira ndi kudya nyama ya ziweto zofa zokha. Koma bokosi ili siliwonjezera malo a wosewera wina.

Werengani anthu, osati makadi

Mfundo yaikulu posankha ndi iyi: yang'anani amene amakhala pamkeka, ndi amene amatsala kunja kwa mkeka.

Tiyerekeze nyumba ya anthu 7: bambo, mayi, agogo ndi ana anayi. Bokosi loyamba limalola anayi okha, ndiye kuti atatu amangoonerera, ndipo woonerera sachedwa kutulutsa foni. Nyumba yotereyi ikafuna kugula, igule On the Brink, chifukwa vuto lake ndi malo. Pomwe ikudikira ndalama, ingathe kusewera awiriawiri: mwana wamng'ono akhale pamodzi ndi agogo pa udindo umodzi, mwanayo aziwerenga makadi ndi kusuntha timiyala, agogo azithandiza kuganiza.

Nyumba ya anthu atatu kapena anayi amene apambana kale pa makadi a mliri 6 ilibe vuto la malo. Vuto lake ndi kuzolowera. Imeneyi itha kusankha pakati pa On the Brink ndi State of Emergency, malinga ndi nkhani imene ikuwakoka mtima. In the Lab likhale lomaliza nthawi zonse.

Nyumba imene ana ake onse ali ku pulayimale isagule bokosi lowonjezera ayi. Ngati ndalama ilipo, ndi bwino kugula masewera ena aang'ono oima paokha. Forbidden Island, amene Matt Leacock yemweyo adatulutsa mu 2010, amatsata nzeru yofanana koma ndi osavuta: gulu limatola chuma pa chilumba chimene chikumira. Hanabi, a Antoine Bauza wa ku France, ndi makadi okhaokha a mitundu isanu ndi manambala 1 mpaka 5. Aliyense amagwira makadi ake mowatembenuza, kotero kuti anzake amawaona koma mwini wake sawaona, ndipo amadalira zimene anzake akumuuza. Amalola anthu 2 mpaka 5, safuna Chingerezi, ndipo kabokosi kake kamakwana m'thumba la jekete. Mu 2013 adalandira mphoto ya Spiel des Jahres, yomwe ndi yotchuka kwambiri pa masewera a banja ku Germany.

Vuto limene bokosi latsopano silingathetse

Masewera ogwirizana ali ndi nthenda yakeyake: munthu mmodzi amayamba kulamula onse. M'nyumba zathu, momwe mwana sazolowera kutsutsa bambo ake kapena achimwene ake aakulu, zimenezi zimachitika mosavuta. Bambo amati, "Iwe pita ku Cairo, mayi ako apite ku Lagos," ndipo ena onse amangosuntha zimene auzidwa. Posapita nthawi ana amati masewerawo ndi otopetsa, makolo n'kuganiza kuti mankhwala ake ndi bokosi lina.

Mankhwala ake ndi aulere. Malamulo a Pandemic amalangiza kuti mukadutsa gawo la ophunzira, aliyense azigwira makadi ake m'manja osawayala poyera, kuti gulu lizidalira zimene iye anene. Onjezani lamulo lanu la pakhomo: mwini nthawi ndiye ayambe kunena maganizo ake, ena adikire mpaka afunsidwe. Mwana akasankha molakwika gulu n'kugonja, musamudzudzule. Kugonja pamodzi popanda kulozana zala ndi phunziro limene ana adzalifuna m'banja mwawo, kuntchito ndi mu mpingo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mwana amaukhulupirira mwambiwu akaona bambo ake akumufunsa nzeru n'kuitsatira.

Ndalama ndi nthawi yogulira

Mabokosiwa amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo mtengo wa bokosi lowonjezera sutalikirana kwenikweni ndi wa loyamba. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu aliyense wochokera kunja adakwera, masewera omwe. Yesu adaphunzitsa kuti womanga nsanja ayambe wakhala pansi kuwerengera mtengo, ndipo mfundoyi imagwira ntchito ngakhale pa kanthu kakang'ono.

Kuno ku Mchinji ndalama zimabwera pamodzi ndi zokolola. Soya, mtedza ndi chimanga zikagulitsidwa, m'thumba mumaoneka ngati muli zambiri, koma Seputembala amabwera ndi fizi ndi yunifomu, ndipo mvula isanagwe pamafunika mbewu ndi feteleza. Bokosi la masewera libwere pambuyo pa chakhumi ndi zopereka, chakudya chofika mpaka Malichi, fizi, zipangizo za ulimi ndi kandalama kosungira matenda. Musalikongolere kwa katapila, ndipo musalitengere ngongole ku banki m'khonde. Bokosi limodzi pa chaka ndi lokwanira.

Njira ina yanzeru ndi kusonkherana. Mabanja atatu a mpingo umodzi, kapena gulu la Pathfinder, angagule bokosi limodzi n'kumabwerekana, pakhale kope lolembamo wotenga ndi tsiku lobweza. Wobweza aziwerenga makadi ndi timiyala pamaso pa wosunga, chifukwa khadi limodzi likasowa masewera onse amalemala.

Zoti muuze amene akukugulirani

Mabokosi amenewa si katundu wa m'magolosale a pa Kamwendo kapena pa Boma. Ngakhale mutayenda makilomita pafupifupi 110 kupita ku Lilongwe, kapena kudutsa pa chipata cha Mwami kupita ku Chipata, musayembekezere kuwapeza msanga. Nthawi zambiri mudzadalira m'bale kapena mnzanu wa kutali, choncho muuzeni zinthu zinayi momveka.

Choyamba, mutumizireni chithunzi cha bokosi lanu, kutsogolo ndi kumbuyo, komanso cha kumsana kwa makadi. Mu 2013 kampani ya Z-Man Games idasintha maonekedwe a Pandemic, ndipo makadi akale ndi atsopano safanana kumsana. Mukawasakaniza aliyense amadziwiratu khadi limene likubwera.

Chachiwiri, nenani chilankhulo. Masewerawa adamasuliridwa m'zilankhulo zambiri, ndipo m'bale wogula ku Mozambique angabwere ndi la Chipwitikizi pamene lanu ndi la Chingerezi.

Chachitatu, lembani dzina lonse. Pali mabokosi ena okhala ndi dzina la Pandemic amene si owonjezera. Mwachitsanzo, Pandemic Legacy, la 2015, ndi masewera oima paokha amene mumamata mapepala pa mapu ndi kung'amba makadi ena pamene nkhani ikupitirira, ndipo nkhaniyo ikatha simungaiyambirenso ngati poyamba. Si loyenera kubwerekana.

Chachinayi, achenjere ndi mtengo wotsika modabwitsa. Pa intaneti pamagulitsidwa mabokosi achinyengo a makadi opyapyala ndi mitundu yosuluka. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ngati agula logwiritsidwapo kale ntchito, awerenge zonse molingana ndi mndandanda wa m'buku la malamulo. Asunge lisiti, kuti pa chipata akafunsidwa za msonkho ndi a MRA akhale ndi chosonyeza.

Chowonjezera chopanga nokha

Pali bokosi lina limene silifuna dola kapena randi. Tengani katoni yaikulu mujambule mapu a boma lathu. Ikanipo malo amene ana akuwadziwa: Boma, Kamwendo, Waliranji, Kapiri, Mkanda, Ludzi, Kochilira, ndi chipata cha Mwami, n'kulumikiza malowo ndi mizere ngati misewu. Dulani makadi kuchokera ku makatoni a sopo, lililonse likhale ndi dzina la malo amodzi. Mmalo mwa timiyala gwiritsani ntchito chimanga, nyemba, soya ndi mtedza, mbewu iliyonse iimire nthenda yake: malungo, kolera, chikuku ndi chiwewe.

Kenaka lolani ana alembe makadi a zochitika. Lina linene kuti mudzi wonse wagona m'masikito, choncho malungo achepe. Lina linene kuti mlangizi wagawa klorini, kolera asafalikire ulendo uno. Lina linene kuti mvula yagwetsa zimbudzi, kapena kuti mlatho waduka ambulansi singadutse. Mwana sangalembe khadi lotere asanafunse mmene nthendayo imafalikira ndi mmene imapewedwera, ndipo kufunsako ndiye phunziro. Mukatero muwakumbutse kuti pa katoni nthenda imatha ndi makadi, koma m'moyo weniweni imafuna madzi otetezedwa, kusamba m'manja ndi sopo, katemera, ndi kuthamangira kuchipatala msanga.

Kusamala

Timiyala ndi mbewu zomwe zingatsamwitse mwana wosakwana zaka 3, kapena kulowa m'mphuno ndi m'khutu. Sewerani wakhanda atagona, kapena pa tebulo pamene safikira, ndipo muwerenge zonse musanatseke bokosi. Makatoni amaopa chinyezi cha dzinja, chiswe, mphemvu ndi makoswe, choncho sungani bokosi m'chidebe chapulasitiki chotsekeka bwino, pamwamba. Onetsetsani kuti nyale ya sola ikuwala mokwanira kuti agogo asavutike maso. Gwirizanani nthawi yolekera musanayambe, chifukwa mawu oti "kamodzi kokha komaliza" adabera anthu ambiri tulo.

Ndipo bokosi lochokera kunja lisachotse pakhomo zimene tidali nazo kale. Usiku wina agogo aphunzitse adzukulu bawo. Usiku wina pakhale zilapi ndi nthano, ana ayankhe kuti "tili tonse." Masana a Lamulungu atuluke panja, asewere fulaye, phada kapena mpira, thupi lituluke thukuta.

M'bale wa ku Joni akadzaimba kufunsa kuti abwere ndi bokosi liti, musayankhe nokha pa foni. Itanani onse amene amakhala pamkeka, muone pepala la m'chivindikiro lija, mufunse amene amatsala kunja, muwerengere ndalama. Ngati pakusowa malo, yankho ndi On the Brink. Ngati ana ndi aang'ono, ndi kabokosi kakang'ono koima pakokha. Ngati loyambalo simunalimalize, muthokozeni m'baleyo, mumupemphe kuti ndalamayo athandizire fizi, ndipo Loweruka likudzali dzuwa likalowa muike makadi a mliri 5.